Makadi akakhala abwino betchani, osamabisa

A Mkonzi,

Ndikudziwa kuti ena akangowona mawu oti poker mu nyuzi yanu anena kuti izi nza juga tisawerenge, koma ndikupempha mundipatseko danga fukwa anyamata athu akusewera kale, kuno ku Harare ngakhalenso kumudziko, ndipo ambiri akudyedwa ndalama osati chifukwa cha minyama ngati mmene amadandaulira koma chifukwa cha kachizolowezi kamodzi komwe anatola pa YouTube. Ine ndimakhala ku Mufakose, ntchito yanga ndi yautelala mtauni, ndipo Loweruka madzulo timakumana anthu seveni kapena eyiti, ambiri ndife a Malawi, ena anabadwira konkuno makolo awo anabwera nthawi ya Federation, ena ngati ine tinachita kutsikira pa Roadport titadzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Timasewera Texas Hold'em ya limit, ya $1/$2. Kwa omwe sakuyidziwa, aliyense amalandira makadi awiri a m'manja, kenako pakati pamagwa asanu, atatu oyamba ndi flop, lachinayi turn, lomaliza river. Flop isanagwe komanso pa flop kubetcha ndi dola imodzi basi, pa turn ndi pa river ndi madola awiri, ndipo kukweza kumathera pa katatu. Palibe zokankha ndalama zonse pakati ngati pa TV. Poti chenji cha dola kuno ndi nkhani yovuta, timagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, chimodzi 50 cents, tikamaliza timawerengerana pa cash kapena pa EcoCash.

Tebulo lathu ndi lotayirira, ndipo ndikukhulupirira kuti matebulo onse a ndalama zochepa ali chimodzimodzi kaya ku Mbare kaya ku Ndirande kaya ku Joni. Pa anthu eyiti, asanu kapena sikisi amawona flop. Munthu ali ndi jeki ndi 4 zosiyana mtundu amalowa, akapeza ka pair (makadi awiri ofanana nambala) kapansi amatsatira mpaka pa river, ukamufunsa akuti "ndimafuna ndingowona basi". Kufolda, kutaya makadi nkutuluka ulendo umenewo, kwa iwo kuli ngati kunyozeka. Koma kubetcha okha sabetcha, amangotsatira. Mfundo imeneyi muisunge fukwa kalata yonseyi yatsamira pamenepo.

Nde kachizolowezi kaja ndi kobisa. Mfana akalandira maeyisi awiri sakweza, amangoponya dola yake mwakachetechete nkhope ili ngati ali pa maliro. Akapeza set pa flop, kutanthauza makadi atatu ofanana nambala, awiri a m'manja ndi limodzi la pakati, amapanga check, kudutsitsa osabetcha. Akuti akutchera msampha, akuti madolo amatero. Ine ndikuti patebulo ngati lathu kumeneko nkutaya ndalama, ndipo zimandipweteka kuwona mnyamata amene wagwira ntchito sabata yonse ku Siyaso kapena ku Glen View akupala matabwa, mwayi wamupeza, iye nkuwubweza yekha ndi manja ake.

Ndikudziwa komwe zinachokera. Aliyense anawonerapo kanema wa Chris Moneymaker, akauntanti wa ku Tennessee uja amene mu 2003 anawina mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas pa anthu 839 nkutenga $2.5 miliyoni, makamaka pomwe anamunamiza Sam Farha, iye alibe kanthu koma king'i chabe, Farha nkutaya makadi ali ndi pair yapamwamba. Nzosangalatsa kuwonera, sindikukana. Koma imene ija inali no limit, yopanda malire pa kubetcha, anatsala anthu awiri okha, ndipo mnzakeyo anali katswiri wodziwa kutaya makadi abwino akawopsezedwa ndi ndalama zambiri. Kwathu kuno choopseza chachikulu ndi madola awiri, anthu ndi sikisi, ndipo palibe Farha aliyense patebulopo. Bluff, kubetcha monamiza ulibe kanthu, kuno siigwira, musavutike nayo nkomwe. Ndalama ili pa kulipiritsa anthu pamene iwe uli patsogolo.

Tiyambe ndi maeyisi. Makadi ndi 52, njira zolandirira makadi awiri zilipo 1,326, ndipo 6 zokha mwa zimenezi ndiye maeyisi awiri, kutanthauza kamodzi pa maulendo 221. Mutha kusewera madzulo onse osawawona. Akakumana ndi munthu mmodzi wa makadi alionse amawina pafupifupi 85 pa 100, akakumana ndi asanu amatsika kufika pa 49 pa 100. Anyamata akamva zimenezi amati mwawona, ndikwezerenji poti theka la nthawi ndiluza. Achimwene, werengani bwino. Muli anthu sikisi, pakanakhala kuti makadi onse ndi ofanana aliyense akanakhala ndi gawo limodzi pa magawo sikisi, pafupifupi 17 pa 100. Inu muli ndi theka. Mukakweza ndi dola imodzi anthu asanu nkutsatira, m'poto, ndalama za pakati zomwe wowina amatenga, mwalowa $6 yowonjezera, ndipo pafupifupi $3 mwa imeneyo ndi yanu pomwe mwangoikamo $1. Palibe malo ena mu gemu yonseyi pomwe dola imabereka chonchi. Osakweza ndiye kuti mwaikana nokha ndalamayo, ndipo simudzaipezanso pa flop fukwa pa flop ena aja akhala ataphonya kale.

Ena amati ndikakweza anthu athawa. Athawira kuti? Ndi anthu omwewa amene amalowa ndi jeki ndi 4. Olo awiri athawe, mwayi wanu wowina potoyo wakwera, nde mbali zonse mwapindula. Za making'i awiri ndi chimodzimodzi, pali madala ena patebulo pathu amakonda kunena kuti ndidikire kaye ndiwone ngati eyisi sagwa. Eyisi amagwa pa flop pafupifupi 23 pa 100 mukakhala ndi making'i, ndiye kuti maulendo atatu pa anayi sagwa, ndipo mwalola munthu wa eyisi ndi 3 kuti awone flop motchipa pomwe akanalipira pawiri mosangalala. Makwini, majeki, eyisi ndi king'i, zonsezi kwezani.

Pa flop ndi pomwe kubisa kumawononga kwambiri. Tiyerekeze muli ndi ma 9 awiri, wina anakweza, mwalowa anthu sikisi, m'poto muli $12. Flop yagwa king'i wa mitima, 9 wa mitima ndi 4 wa kalabu. Mwapeza set, chinthu chomwe chimabwera kamodzi pa maulendo 8 kapena 9 mukakhala ndi pair m'manja. Tsopano tayang'anani anthu amene mwakhala nawo. Wina ali ndi king'i ndi 7, akuwona ngati dziko ndi lake. Wina ali ndi mitima iwiri akudikira flush, makadi asanu a mtundu umodzi. Wina ali ndi kwini ndi jeki akudikira 10 kuti apange straight, makadi asanu otsatizana. Wina ali ndi eyisi ndi 4. Onsewa mukabetcha atsatira, palibe ndi mmodzi yemwe amene ataye. Koma inu mwapanga check, wotsatira check, winayo check, mpaka kumapeto, fukwa msampha umafuna munthu wobetcha ndipo patebulo panu pali anthu otsatira okhaokha. Mwataya $4 pomwepo, komanso mwapereka khadi laulere kwa anthu anayi amene aliyense ali ndi khadi lake lomwe akulipempherera. Pa turn pagwa 10 kapena mtima wina, apa kubetcha kwafika pa $2, ndipo amene akulipira tsopano ndinu.

Amayi ogulitsa tomato pa Mbare Musika akawona anthu ali pamzere ndalama zili m'manja ndipo sakunenerera mtengo, sabisa dengu pansi pa tebulo kuti mwina kubwera wogula wamkulu masana. Amagulitsa nthawi yomweyo tomato asanafewe.

Za munthu wa mitima uja ndinenepo pang'ono fukwa anthu amakwiya naye pachabe. Kwatsala mitima 9 pa makadi 47 omwe iye sakuwawona, flush yake imakwana pafupifupi 35 pa 100 akafika pa river, ngakhale kuti polimbana ndi set yanu amawina mwina kamodzi pa kanayi poti khadi la pakati likabwereza inu mumapanga full house, atatu ofanana ndi pair, yomwe imaposa flush. Ameneyu simungamuthamangitse ndi dola imodzi ndipo sakulakwa kutsatira, mu limit ndi mmene zilili. Cholinga chobetchera sikumuthamangitsa ayi. Cholinga nchoti aliyense amene akufuna kuwona khadi lotsatira alipire, makamaka wa king'i ndi 7 uja amene watsala pang'ono kufa koma sakudziwa, ameneyo akupatsani $1 pa flop, $2 pa turn, $2 pa river ndipo mukakweza awonjezeranso. Phindu lanu lenileni limachokera kwa iyeyo ndi wa eyisi ndi 4, osati kwa wa flush.

Pali nthawi ina pomwe check ili ndi ntchito, koma sikubisa, nkufuna kukweza pa flop yomweyo, ndipo zimatengera kuti wokonda kubetcha wakhala pati. Pafupifupi tebulo lililonse limakhala ndi munthu mmodzi wamagazi otentha amene anthu akangopanga check iye amabetcha. Tibwerere pa flop yomwe ija, king'i, 9, 4, poto wa $12, koma ulendo uno muli ndi king'i ndi kwini, pair yapamwamba yomwe ndi yabwino koma yosachedwa kuphwanyika. Inu ndinu oyamba kulankhula, wamagazi otentha uja ndi womaliza. Mukabetcha dola, munthu wa kwini ndi jeki uja akuyika $1 kuti awine $13. Ma 10 alipo anayi pa makadi 47, amagwa kamodzi pa maulendo pafupifupi 12, nde kutsatira kwake kuli bwinobwino, simunamulakwitse. Koma mukapanga check, ena check, womaliza uja nkubetcha, inu nkukweza, tsopano wa kwini ndi jeki ayenera kuyika $2 nthawi imodzi kuti awine $15, masamu sakumukomeranso ngati poyamba paja. Akataya mwachotsa mdani, akatsatira walipira mtengo wokwera. Zonse ziwiri nzabwino kwa inu. Pomwe wobetchayo akakhala kuti amalankhula mukangotha inu, zimatembenuka, iye abetcha, onse atsatira dola imodzi, ikafika kwa inu mukweza ndipo onse aja awonjezera ina fukwa alowa kale. Imeneyo siithamangitsa munthu koma imanenepetsa poto, nde ndi yoyenera mukakhala ndi set osati pair imodzi. Koma chonde, izi muzichita pokhapokha mukumudziwa munthuyo kuti abetchadi. Mukakayika ngakhale pang'ono, betchani nokha, fukwa choipitsitsa pa zonse ndi flop kudutsa popanda wolipira.

Kodi kubisa kulibiretu malo? Alipo koma ochepa zedi. Makadi anu akhale oti palibe khadi lingagwe nkukupwetekani, poto akhale wamng'ono, ndipo anthu akhale oti alibe chotsatira nacho pokhapokha atapatsidwa mpata. Mwachitsanzo muli ndi ma 4 awiri flop nkugwa 4, 4 ndi 9. Zimenezo zimachitika kamodzi pa maulendo oposa 400 mukakhala ndi pair m'manja, nde sichinthu choti munthu nkumangirapo kasewereredwe kake. Ndipo olo pamenepo, kwathu kuno ukabetcha amatsatirabe ati sakukhulupirira.

Ndifike pa zomwe zimayambitsa mikangano. Munthu wabetcha bwinobwino njira yonse ndi maeyisi ake, pa river wina nkupeza ma pair awiri ndi 8 ndi 3, basi phokoso, ati tebulo ili silofunika, ati anthuwa sadziwa kusewera, ena mpaka kumanena kuti uje ali ndi mankhwala anapita kwa sing'anga. Ayi abale. Tanena kale kuti maeyisi pa anthu asanu amaluza theka la nthawi, ndiye kuluzako kuli m'kati mwa masamu omwewo, si chizindikiro choti munalakwa kubetcha. Mapoto amene mumawina patebulo lotayirira ndi ochepa koma ndi akuluakulu, ndipo ndi akulu chifukwa cha munthu yemweyo wa 8 ndi 3. Musamunyoze, musamuphunzitse, akawina muuzeni kuti wasewera bwino. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine nchoti mnyamata akapwetekedwa chonchi kawiri katatu amayamba mantha, ulendo wotsatira amangopanga check ndi kutsatira kuti aluze zochepa, osadziwa kuti akuchepetsa zomwe amawina pomwe zoluza zili pomwepo.

Ndipo poti ndalama imakwera nkutsika chonchi, amene amasewera limit mwaukatswiri amalangiza kuti ukhale ndi ndalama yapadera yokwana ma bet akuluakulu 300, pa gemu yathuyi ndi $600, ndipo wosewera bwino kwenikweni amayembekezera mwina bet yaikulu imodzi pa ola, madola awiri amenewo. Ndikunena izi kuti wina asawerenge kalatayi nkuganiza kuti wapeza ntchito. Si ntchito. Ndalama ya lendi, ya fizi ya ana, yotumiza kumudzi pa Mukuru, isayandikire patebulo, ndipo ife munthu tikadziwa kuti wabwera ndi yoteroyo sitimugawira makadi olo akwiye. Ana osakwana zaka 18 nawonso ayi. Kusiyana kwa poker ndi kandege, juga ya Aviator ija, komwe kwamaliza anthu pa mafoni nkoti pa kandege ukulimbana ndi kampani yomwe masamu anakhazikitsidwa kale kuti ipindule, pomwe pa poker ukulimbana ndi anzako ndipo wolakwitsa zochepa kuposa anzake ndi amene amatsala ndi kanthu. Koma pakangokhala mwini malo amene akudula kangachepe pa poto aliyense, pa gemu yaing'ono ngati iyi kaphindu kaja kamathera kwa iye, komanso kuno malo a juga amayenera kukhala ndi laisensi ya Lotteries and Gaming Board, nde malo a kuseri odula ndalama ndi ongowapewa.

Pa turn ndi pa river ndi pomwe ndalama yeniyeni ili poti bet ndi $2, ndipo apa ndimawona mantha amtundu wina. Munthu wabetcha flop, wabetcha turn, pa river pagwa khadi looneka loopsa pang'ono basi wapanga check, ati mwina wina wapeza. Mwina wapezadi, koma dzifunseni funso limodzi, ndikabetcha ndi angati anganditsatire ali ndi makadi ochepera anga? Patebulo lotayirira yankho ndi ambiri, wa pair yachiwiri atsatira, wa king'i ndi 7 atsatira, ena amatsatira ndi eyisi yekha kuti angowona ngati simukunama. Madola awiri kapena anayi amene mumawasiya pa river iliyonse yoteroyo, pakutha pa mwezi ndi amene amasiyanitsa wowina ndi woluza. Mbali inayo nayo ndi yoona, munthu amene usiku wonse amangotsatira akadzidzimuka nkukukwezani pa turn, mukhulupirireni, anthu otere sakweza ndi mphepo. Ndi pair imodzi musakwezenso, ndi set mutha kupitiriza malinga ndi zomwe zili pakati. Koma poto akakula musataye makadi abwino pa river chifukwa cha bet imodzi. M'poto muli $30, akukufunsani $2, mukungofunika kukhala olondola kamodzi pa maulendo 16 kuti musaluze kanthu. Kutaya pamenepo kuti muwoneke anzeru ndi kulakwitsa kodula kuposa kutsatira nkupeza kuti mwagonja.

Mnzanga wina wa ku Dzivarasekwa, amene timatsutsana naye nkhaniyi pafupifupi sabata iliyonse, amati koma achimwene mukamabetcha nthawi zonse muli ndi makadi abwino anthu akudziwani, azingothawa mukangogwira chitsekerero. Ndimamumvetsa, ndipo patebulo la akatswiri akanakhala akunena zoona. Koma kwathu kuno amandidziwa kale onse, amachita kunena mokweza kuti atelala akabetcha ndiye kuti ali nazo, ndipo akamaliza kunena zimenezo amaponya madola awo awiri m'poto fukwa munthu amene wafika pa river ndi pair yake sangagone tulo asanawone makadi anga. Tsiku lomwe adzayambe kufolda ndikabetcha ndidzasintha, ndidzayamba kuwanamiza apo ndi apo, koma mpaka pano palibe amene wafolda.

Ndine wanu,
Telala wa ku Mufakose, Harare